Mphumu Yobwera Chifukwa cha Nkhunda ndi Mbalame Zina Zoweta: Zoyenera Kuchita Pakhomo

M'makomboni a mu Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, ngakhalenso m'midzi ya ku Katete ndi Chadiza, si chachilendo kupeza khola la nkhunda litamangidwa pafupi ndi zenera la chipinda chogona, kapena anapiye a mabuloila akuleredwa m'chipinda chimodzi cha nyumba imene anthu amagonamo. Mabanja ena amasunganso zinkhwe ndi timbalame tokongola m'kakhola ka waya pabalaza. Anthu ambiri amakhala ndi mbalamezi kwa zaka popanda vuto, koma alipo ena amene matupi awo amawengedwa nazo, ndipo kuwengedwako kumaonekera m'chifuwa: kutsokomola usiku, kubanika, ndi kaphokoso konga mluzu potulutsa mpweya. Amenewa ndi matenda a mphumu, amene ambiri kuno timangowatchula kuti asima. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni padziko lonse anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo.

Chimene chimadwalitsa munthu ndi fumbi. Mukanyamula nkhunda mutavala malaya akuda, mudzaona kuti yakusiyirani ufa woyera pachifuwa. Ufa umenewu umachokera ku nthenga zam'kati zimene zimanyenyeka zokha, ndipo nkhunda ndi mitundu ina ya zinkhwe zili nawo wochuluka. Zitosi nazonso zikauma zimasanduka fumbi lopepuka kwambiri limene limakhalitsa m'mwamba. Munthu wowengedwa akalipuma, chitetezo cha m'thupi mwake chimalitenga ngati mdani, ndipo timachubu todutsa mpweya m'mapapo timatupa, timafinyika, n'kudzaza makhololo. Mankhwala amatsegula timachubuto, koma ngati fumbilo likupumidwabe usiku uliwonse, mankhwalawo amakhala ngati munthu wokapa madzi m'nyumba yodontha denga asanakonze.

Choyamba: tsimikizirani kuti vuto ndi mbalamedi

Musathamangire kugwetsa khola, chifukwa zoputa mphumu kwathu kuno n'zambiri. Pali utsi wa mbaula ndi wa nkhuni, kuzizira kwa June ndi July, fumbi la mphepo ya August, utsi wa tchire lotenthedwa ndi osaka mbewa, fumbi la popuntha chimanga, mankhwala opopera udzudzu, mphemvu, amphaka, ndiponso nkhungu ya m'makoma nthawi ya dzinja. Tengani kabuku, ndipo kwa masabata awiri muzilemba tsiku lililonse zinthu izi: nthawi imene chifuwa chavuta, zimene wodwala anachita tsikulo, ngati analowa m'khola kapena anasesa zitosi, ngati anadzuka usiku ndi chifuwa, ndiponso kuti wagwiritsa ntchito mankhwala kangati. Mulembenso za kuyetsemula, mamina ndi kuyabwa kwa maso, popeza izi zimayendera limodzi ndi kuwengedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri polemba zimenezi. Nthawi zina chifuwa chimayamba patangopita mphindi zochepa munthu atapuma fumbi la mbalame, koma nthawi zinanso chimabwera mochedwa, patapita maola angapo. Mnyamata amene anadyetsa nkhunda zake dzuwa likulowa akhoza kudya nsima ali bwinobwino, n'kudzayamba kubanika pakati pa usiku, ndipo makolo amangoti ndi mphepo. N'chifukwa chake muyenera kulemba za tsiku lonse, osati za ola limene chifuwa chayamba lokha.

Njira ina yothandiza kwambiri ndiyo kuchoka pakhomopo. Pa tchuthi cha sukulu, wodwala akakhale sabata imodzi kapena awiri kwa achibale amene saweta mbalame, atatenga zovala ndi zofunda zochapidwa kumene. Akamapeza bwino kumeneko n'kuyambiranso kudwala atabwerera, umboni wake ndi wamphamvu. Koma musamuyese pomulowetsa dala m'khola kuti muone chimene chichitike, chifukwa anthu ena amabanika koopsa pa nthawi yochepa.

Chachiwiri: pitani kuchipatala ndipo mukatchule za mbalame

Yambirani ku kiliniki ya kwanu mutanyamula kabuku kaja. Akaona kuti pakufunika kupima mozama, adzakutumizani ku chipatala chachikulu monga Chipata Central, St Francis ku Katete, kapena Mwami. Madokotala ndi anamwino amaona anthu ambiri pa tsiku, ndipo si nthawi zonse pamene adzakufunseni za ziweto, choncho yambani ndinu. Nenani momveka kuti, "Adokotala, kunyumba timaweta nkhunda pafupi ndi chipinda chimene mwanayu amagona, ndipo ndaona kuti akapita kwa agogo ake chifuwa chimaleka." Tchulani mtundu wa mbalame, kuchuluka kwake, zaka zimene mwakhala mukuziweta, ndi amene amasesa m'khola.

Ngati munthu watsokomola kwa masabata awiri kapena kuposerapo, makamaka ngati akuonda, akutuluka thukuta usiku, kapena ali ndi kachilombo ka HIV, avomere kupimidwa makhololo kuti aone ngati si TB. Kupezeka kuti alibe TB sikutanthauza kuti nkhani yatha, ndipo apa m'pamene odwala ambiri amatayika, chifukwa amabwerera kunyumba n'kumangogula mankhwala a chifuwa a m'botolo mwezi ndi mwezi. Funsani kuti, ngati si TB, nanga n'chiyani. Mphumu kawirikawiri sioneka pa X-ray. Imadziwika pomvetsera chifuwa, pomva mbiri ya wodwala, ndiponso poyeza mphamvu ya mpweya umene munthu amatulutsa asanalandire mankhwala otsegula chifuwa ndi atalandira. Kachipangizo kophweka kotchedwa peak flow meter, komwe munthu amauziramo mwamphamvu kamodzi, kamathandiza pa ntchito imeneyi.

Pali matenda ena awiri ochokera ku mbalame amene muyenera kuwadziwa, chifukwa chithandizo chake n'chosiyana ndi cha mphumu. Oyamba ndi amene madokotala amawatchula kuti bird fancier's lung, omwe analembedwa bwino m'ma 1960 pakati pa oweta nkhunda. Amenewa amatupitsa mnofu weniweni wa mapapo, osati timachubu tokha. Munthu amatentha thupi, amanjenjemera, amaphwanya m'thupi ndi kubanika patapita maola 4 mpaka 8 atasesa khola, moti kuno angaganize kuti ndi malungo. Akapimidwa malungo kangapo osapezeka, koma zizindikiro n'kumabwera tsiku lililonse losesa, auzeni adokotala zimenezo. Matendawa akalekereredwa amasiya zipsera m'mapapo zimene sizichira, ndipo pampu ya mphumu, kachipangizo kopopera mankhwala opumira, siwathetsa. Achiwiri ndi psittacosis, matenda a bakiteriya ochokera ku zinkhwe, nkhunda ndi mbalame zina zodwala, amene anapha anthu m'maiko angapo mu 1929 ndi 1930 chifukwa cha malonda a zinkhwe. Amayamba ndi mutu waukulu, kutentha thupi ndi chifuwa chouma, ndipo amachira ndi mankhwala opha mabakiteriya monga doxycycline operekedwa ndi achipatala.

Chachitatu: siyanitsani wodwala ndi mbalame

Sitepe iyi ndiyo yovuta koposa, osati chifukwa cha ntchito yake, koma chifukwa mbalamezo zili ndi mwini wake. Mwina ndi za bambo a m'nyumba amene anayamba kuziweta asanakwatire, mwina ndi za wodwala yemweyo amene amadziwa nkhunda iliyonse ndi maonekedwe ake, ndipo mwina mabuloila ndiwo amalipira sukulu. Nkhaniyi musaiyambe usiku pamene mwana akubanika ndipo mitima ili m'mwamba. Dikirani tsiku labata, muonetse kabuku kaja ndi zimene achipatala anena, ndipo ngati n'kotheka mwini mbalame apite nawo kuchipatala akadzimvere yekha. Mayi akhoza kunena kuti, "Atate ake a mwana, sindikunyoza ziweto zanu, koma taonani masiku amene mwanayu anagona bwino ndi masiku amene sanagone." Ngati mbalamezo ndi za agogo kapena apongozi, ndi bwino kudzera mwa amalume kapena wamkulu wina amene iwo amamumvera.

Kwa munthu amene zatsimikizika kuti amawengedwa, njira yabwino koposa ndiyo kuchotseratu mbalame pakhomo. Kungosamutsa kakhola ka zinkhwe kuchoka pabalaza kupita kukhitchini sikuthandiza, chifukwa fumbi lake limayenda ndi mphepo ndiponso pa zovala. Nkhunda zili ndi vuto lakelake: zimadziwa kwawo. Mukapatsa mnansi wa kuseri kwa mpanda, mawa lake mudzazipeza zili padenga panu. Zigulitseni kutali kwa munthu amene adzazitsekera kufikira zitazolowera, kapena zidyedwe pang'onopang'ono ngati ndiwo, kenako gwetsani kholalo, lekani kuwaza chakudya pabwalo, ndipo tsekani ndi waya mipata yonse ya pakati pa khoma ndi malata pamene zingamange zisa. Timbalame ta m'kakhola tochokera kunja, monga ma budgie amene kwawo kwenikweni ndi ku Australia, musatiulutsire kutchire chifukwa sitingadzisamale, koma tipezereni wina woweta. Ngati ndi tizinkhwe tobiriwira togwidwa m'chigwa cha Luangwa, funsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, Department of National Parks and Wildlife, popeza mbalame zakutchire zili ndi malamulo ake.

Pamene nkhuku, zinziri kapena nkhanga ndizo zimadyetsa banja ndipo sizingachotsedwe, mangani khola lapadera kutali ndi nyumba mmene malo anu angalolere. M'chilimwe mphepo kuno imaomba kwambiri kuchokera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa, choncho khola likakhala kumadzulo kwa nyumba fumbi lambiri limapita kwina m'malo molowera pazenera. Anapiye asaleredwe m'nyumba, ngakhale m'miyezi yozizira, ndipo nkhuku yofungatira mazira isaikidwe kunsi kwa bedi kapena m'khitchini. Wodwala asalowe m'khola, asasese, asasosole nthenga, ndipo asanyamule matumba a manyowa. Amene amagwira ntchito m'kholamo akhale ndi ovolosi, chipewa ndi jombo zimene zimatsala komweko, ndipo asambe asanakhale pafupi ndi wodwala. Ndinene mosabisa kuti njira imeneyi ndi yongochepetsa vuto, ndipo kwa munthu amene wapezeka ndi matenda otupitsa mapapo aja siikwanira.

Chachinayi: yeretsani nyumba ndi madzi, osati ndi tsache louma

Tsiku loyeretsa, wodwala achoke pakhomo m'mawa ndipo abwere nyumba itauma ndi kupitidwa mphepo. Woyeretsayo avale chophimba pamphuno cha N95, chimene chimapezeka m'mafamase ndi m'masitolo a zipangizo zomangira, chifukwa kansalu wamba kapena chitenje chomanga kumaso sichitchinga fumbi losalala chonchi. Zitosi zouma ziyambe zawazidwa madzi a sopo ndi kusiyidwa kuti zinyowe, kenako zipalidwe ndi fosholo n'kukakwiriridwa m'dzenje kapena kuikidwa pa mulu wa manyowa kudimba. Kusesa zouma ndiko kulakwitsa kwakukulu, popeza kumangoulutsa fumbi limene linali litakhazikika.

M'nyumba yambirani kumwamba kutsikira pansi. Pukutani ndi nsalu yonyowa mitanda ya denga, pamwamba pa makabati, makoma ndi mawindo, ndipo mumalize ndi kukolopa. Ngati nyumba ili ndi siling'i, wina akwere akaone ngati mulibe zisa ndi zitosi. Chapani makatani, mabulangete, nsalu za pamipando ndi neti ya udzudzu, pokumbukira kuti neti yamankhwala imayanikidwa pamthunzi. Matiresi atulutsidwe panja, akunthidwe kutali ndi nyumba, ndipo avekedwe nsalu yothina imene izichapidwa kawirikawiri. Kapeti ya m'chipinda chimene munali mbalame ndi bwino kungoichotsa. Onaninso mapilo, zofunda zokhuthala ndi majekete a ku salaula, chifukwa ena mwa iwo amakhala odzaza nthenga za abakha kapena atsekwe. Pa kansalu ka m'mphepete pakalembedwa kuti feather kapena down, kapena mukafinya n'kumva timitengo ta nthenga, wodwala asagwiritse ntchito chinthu chimenecho.

Musataye mtima ngati chifuwa sichikutha sabata yoyamba. Ofufuza anapeza kuti fumbi la mbalame limatsalira m'nyumba kwa miyezi yambiri mbalamezo zitachoka, nthawi zina kupitirira chaka, choncho kukolopa ndi kupukuta ndi nsalu yonyowa kuzichitika kawiri kapena katatu pa sabata. Mwini nkhunda akayamba kunena kuti zinachotsedwa pachabe, muonetseni kabuku kaja kuti ayerekeze mausiku a mwezi uno ndi a mwezi watha.

Chachisanu: phunzirani kugwiritsa ntchito pampu

Mankhwala a mphumu opumira ali m'magulu awiri, ndipo kusawasiyanitsa kwapweteketsa anthu ambiri. Pampu ya salbutamol, imene nthawi zambiri imakhala yabuluu ndipo ambiri amaidziwa ndi dzina loti Ventolin, imatsegula chifuwa pa mphindi zochepa koma sichotsa kutupa. Pampu ya beclomethasone, imene kawirikawiri imakhala yofiirira, ndiyo imachotsa kutupako, koma imagwira ntchito pang'onopang'ono ndipo iyenera kupumidwa tsiku lililonse monga mwauzidwira, ngakhale munthu akumva bwino. Kuyambira mu 2019, bungwe la GINA, limene limatulutsa malangizo a mphumu padziko lonse, linasiya kuvomereza kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha. Ngati mwapatsidwa yabuluu yokha, funsani za yoteteza, yochotsa kutupa ija. Munthu amene akufuna pampu yabuluu koposa kawiri pa sabata, kapena amene amamaliza mapampu atatu pa chaka, mphumu yake sinagonje ndipo abwerere kuchipatala.

Anthu ambiri amaopa pampu. Amati munthu akaiyamba saisiya, kapena kuti imaperekedwa kwa amene matenda awafika pomaliza, ndiye amapempha mapiritsi. Zoona zake n'zakuti pampu imapereka mankhwala ochepa kwambiri molunjika m'mapapo, pamene mapiritsi a salbutamol amazungulira thupi lonse, amachedwa kugwira ntchito, ndipo amanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima. Amayi oyembekezera nawonso asasiye pampu pa okha, chifukwa kubanika kwa mayi ndiko kumaika mwana pangozi.

Mankhwala amafika bwino m'mapapo akadzera m'chipangizo chotchedwa spesa, chimene chimaikidwa pakati pa pampu ndi pakamwa, ndipo ngati simungachipeze mungathe kuchipanga. Kafukufuku amene anachitika pa ana ku Cape Town, wofalitsidwa mu 1999, anaonetsa kuti botolo la pulasitiki la 500 ml limagwira ntchito mofanana ndi spesa yogula. Tsukani botolo ndi madzi a sopo ndipo mulisiye liume lokha osalipukuta m'kati. Boolani kunsi kwake bowo lofanana ndi kukamwa kwa pampu, pogwiritsa ntchito waya wotenthetsa kapena mpeni, ndipo mulowetse pampuyo mothina. Pogwiritsa ntchito, khalani tsonga, khutchumulani pampu, tulutsani mpweya, lumani kukamwa kwa botolo milomo itatseka bwino, dinani kamodzi kokha, ndipo pumani modekha kanayi kapena kasanu muli chilumire. Ngati mukufunika kudina kachiwiri, khutchumulaninso n'kubwereza zonsezo. Mwana wamng'ono amene sangathe kuluma botolo amafunika spesa yokhala ndi chophimba kumaso, ndipo anamwino angakuonetseni. Mukatha kupuma pampu yoteteza, chukuchani m'kamwa ndi kulavula kuti mupewe zilonda zoyera ndi kusasa mawu. Dziwaninso kuti aspirin ndi ibuprofen amaputa mphumu mwa anthu ena, ndipo mankhwala ena a BP monga propranolol ndi atenolol angatseke chifuwa, choncho nenani kuti muli ndi mphumu paliponse pamene mukulandira mankhwala.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani nthawi yothamangira kuchipatala

Munthu akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, akamakoka mpweya mpaka khungu la pakati pa nthiti ndi pakhosi kulowa m'kati, milomo ndi lilime zikasintha mtundu, akayamba kusinza kapena kusokonezeka, kapena mwana akamalephera kuyamwa ndi kumwa, imeneyo ndi ngozi. Chifuwa chimene chinali kulira n'kungoti zii pamene munthu akubanikabe si chizindikiro chakuti wapeza bwino, koma chakuti mpweya sukudutsanso. Mukhazikeni tsonga, musamugoneke, ndipo mupatseni salbutamol kudzera m'botolo, kudina kamodzikamodzi. Wamkulu ndi mwana wa zaka 6 kupita m'tsogolo mungamudinire maulendo 4 mpaka 10, mwana wocheperapo maulendo 2 mpaka 6, ndipo mungabwereze pakapita mphindi 20 muli pa ulendo wa kuchipatala. Musamufukize ndi masamba kapena utsi, musamufunditse bulangete pa mphika wa nthunzi, ndipo musadikire kuti kuche. Sungani mu foni manambala a anthu awiri a galimoto kapena njinga yamoto amene angadzuke usiku, makamaka m'dzinja pamene misewu ya kumidzi imavuta. Kuchipatala akakupatsani mapiritsi a prednisolone a masiku ochepa, amwedwe onse monga mwauzidwira.

Mwana wa sukulu azinyamula pampu yabuluu m'chikwama, ndipo aphunzitsi ake auzidwe kuti asamutume kukasesa m'khola la nkhuku za sukulu kapena m'kalasi mmene nkhunda zimagona kudenga. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mbalame zitachoka, bwererani kuchipatala ndi kabuku kaja, pampu zonse ziwiri ndi botolo lanu, kuti akaone mmene mukupumira mankhwala ndiponso ngati mlingo wa pampu yoteteza ungachepetsedwe. Ngati pofika nthawiyo wodwala akuondabe, kapena akupuma movutikira pokwera kamtunda kamene kale ankakwera akucheza, monga njira zopita ku phiri la Kanjala, pemphani kuti ajambulidwe X-ray ndi kuonedwa ndi dokotala wa matenda a m'chifuwa, ndipo mukumbutsenso adokotalawo kuti pakhomo panali mbalame.